Kayikirani Mita Musanazule Kapasita

Inu achinyamata amene mwatsegula timashopu tokonza zamagetsi pa Nkhata Bay, ndi inu amene mukadali pa maphunziro ku Mzuzu Technical College kapena ku MUBAS, katundu amene akubwera pathebulo panu ndi wina kusiyana ndi amene ife tinaphunzirirapo. Lero anthu akunyamula mainveta a sola, machaja a foni, nyali za LED zimene asodzi amakopera usipa usiku, nthawi zina ndi echo sounder ya m'boti. M'kati mwa zinthu zimenezi magetsi amasinthasintha mwaliwiro loposa limene mita yanu inapangidwira, choncho nambala ikhoza kukusokeretsani bodi ili bwinobwino.

Magetsi a ESCOM ndi 230 V pa 50 Hz. Mita zambiri zotchipa zimayeza AC molondola kulekezera cha pa 400 Hz. Chaja imayatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, ndipo ma echo sounder ambiri amatumiza pa 50 kHz kapena 200 kHz. Mukaika mita pamenepo idzakupatsani mavoti ochepa, mwinanso nambala zosakhazikika. Apa m'pamene mnyamata amagamula kuti thiransifoma yapsa, mwini katundu n'kulipira chinthu chimene sichinawonongeke, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa ndalamayo yachokera ku nsomba za usiku wonse.

Ngakhale pa 50 Hz pomwepo pali msampha. Mita yosalembedwa True RMS imatenga avereji n'kuchulukitsa ndi 1.11, poganiza kuti funde ndi losalala ngati la ESCOM. Inveta ya modified sine imatulutsa funde la masitepe, ndiye mita yotere ikhoza kuwerenga cha m'ma 180 V pamene inveta ikupereka 230 V yake yeniyeni.

Amene mwafika pa oscilloscope, dziwani kuti probe ikakhudza bodi imasanduka gawo la bodiyo. Zili ngati kulowa m'madzi kuti uwerenge nsomba: umawerenga zimene zatsala utazibalalitsa. Probe ili pa 1x imawonjezera pafupifupi 100 pF. Pa 50 Hz zimenezo n'zosaoneka, koma pa 10 MHz kapasitansi yomweyo imakhala ngati njira ya maohm 160 okha yopita ku ground, pamene inu mumadalira kuti oscilloscope ili ndi 1 megaohm. Mavoti amagwa, ndipo crystal ikhoza kusiyiratu kugunda mukangoikhudza. Ikani pa 10x, pamene kapasitansiyo imatsika kufika cha pa 15 pF, ndipo onetsetsani kuti oscilloscope nayo mwaiuza kuti 10x, kupanda kutero zonse zidzachepa kakhumi. Musanayambe ntchito, kolani probe pa kachitsulo ka kutsogolo kotulutsa funde la makona la 1 kHz, mupotoze kasikuluu mpaka pamwamba pa funde pakhale pathyathyathya. Kawaya ka ground kakatalika kamabala manjenje amene mulibe m'bodi, kafupikitseni.

Signal generator mukaiuza 1 V, oscilloscope n'kuonetsa 2 V, palibe chafa. Jenereta ili ndi maohm 50 m'kati mwake ndipo imayembekezera kukumana ndi 50 ena kumapeto kwa waya kuti agawane mavoti pakati. Ikani terminator ya maohm 50, kapena sinthani jenereta ikhale pa High-Z. Nambala yolembedwa pamphumi pa oscilloscope nayo imvetseni: ya 100 MHz ikafika pa 100 MHz imaonetsa pafupifupi 70 peresenti ya mavoti enieni, ndiye mafunde a wailesi ya FM, 88 mpaka 108 MHz, siiwayeza molondola. Kuno kunyanja chinyezi n'chambiri, mapulagi a BNC amachita dzimbiri; yesani waya wina musanaimbe mlandu bodi.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi. Kachipanira ka ground ka oscilloscope n'kolumikizidwa ku earth ya soketi. Mbali yolandira magetsi ya chaja kapena pawa sapulaya ili ndi kapasita yosunga pafupifupi 325 V, ndipo negetivu yake si earth. Mukapana pamenepo mwashotetsa magetsi a ESCOM kudzera mu probe imene ili m'manja mwanu. Ena amadula phini la earth kuti apitirize, osadziwa kuti tsopano zitsulo zonse za oscilloscope zanyamula moto. Pitirizani bodiyo mu isolation transformer kapena pezani differential probe, ndipo ngati mulibe zonse ziwiri, yezani mbali yotulutsa yokha; mukazimitsa, kapasita yaikulu ija muikhuthule kaye ndi resista musanagwire bodi.