Phunziro la Ramadhani: Msilamu pa Nthawi ya Mantha



Anthu a ku Chiringa m'boma la Phalombe amakhala patsinde pa phiri la Michesi. Pa 10 Marichi 1991, mvula itagwa yosalekeza, phirilo linagumuka. Madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo anakokolola nyumba, minda ndi milatho, ndipo anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati wadutsa napolo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakanthanso Phalombe, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 1,000. Zaka ziwiri zonsezi mwezi wa Ramadhani unaoneka patangopita masiku owerengeka, ambiri akadali pamisasa, misozi isanaume.

Inu a kunyanja mulinso ndi chanu chokuopsani. Mwera ukakuntha bambo ali pakati pa nyanja ndi bwato, mayi kunyumba sagona. Tsono Msilamu atani mtima ukamagunda chotere?

Mantha si kuchepa kwa imani

Ena amati Msilamu weniweni saopa. Iyayi, si choncho. Mneneri Musa (AS) anathawa osacheuka pamene ndodo yake inasanduka njoka. Mtumiki Muhammad (SAW), chivumbulutso choyamba chitamufikira kuphanga la Hira m'mwezi uno wa Ramadhani, anafika kunyumba akunjenjemera, napempha mayi Khadija (RA) kuti amufunditse. Ndipo Surat Al-Baqarah, ndime 155, potchula mayesero a okhulupirira, imayambira pa mantha, kenaka njala. Choncho woopa sanachimwe. Kulimba mtima ndiko kuchita choyenera miyendo ikunjenjemerabe.

Phunziro la ku Badr

Nkhondo ya Badr inachitika pa 17 Ramadhani, chaka chachiwiri cha Hijra, chomwe ndi 624. Asilamu analipo ngati 313, adani awo pafupifupi 1,000. Taonani zimene Mtumiki (SAW) anachita. Anamvera malangizo a swahaba Hubab ibn al-Mundhir (RA), nasuntha gulu lake kukakhala pafupi ndi zitsime. Usiku anachezera kupempha kwa Allah, ndipo kutacha anawongola mizere ya ankhondo ake. Sanasiye duwa chifukwa cha kukonzekera, sanasiyenso kukonzekera chifukwa cha duwa. Uku ndiye kuyadzamira kwa Allah kumene timati tawakkul. Munthu wina atafunsa ngati angasiye ngamira yake yosamanga poti wadalira Allah, Mtumiki (SAW) anamuuza kuti aimange kaye.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Mverani chenjezo. Wailesi ikalengeza za namondwe, kapena mtsinje ukayamba kulira mwachilendo usiku, tengani ana ndi okalamba mukwere kumtunda. Mwera ukayamba, bwato likhale pagombe. Musaope kusekedwa, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kukhala chete poti ajali ikakwana yakwana, kumeneko si tawakkul, ndi kusamanga ngamira.

2. Dziwani kuti dini yathu inakupeputsirani. Amene moyo wake uli pangozi, kapena akupulumutsa munthu womira ndipo mphamvu zamuthera, amasule swaumu yake, adzabweze tsikulo Ramadhani ikatha. Surat Al-Baqarah, ndime 239, imaloleza woopa kuswali akuyenda pansi kapena atakwera.

3. Lilime lisaume. Zikiri imene munazolowera pamtendere ndi imene imabwera yokha pangozi. Aphunzitseni ana anu tsopano, mukatha kufutulu, osati madzi atafika pakhomo.

4. Musamunyoze wogwidwa ndi mantha. Alipo amene anapulumuka napolo koma mpaka lero mvula ikawomba pamalata amadzidzimuka. Mayi Khadija (RA) sanamukalipire mwamuna wake. Anamufunditsa, namukumbutsa zabwino zake, kenaka anapita naye kwa Waraqah, munthu wodziwa. Inunso khalani naye wotereyo, mudye naye daku, ndipo akalephera tulo masiku ambiri mumuperekeze kuchipatala.

5. Zakaat ndi sadaka zanu zikumbukire amene anataya nyumba ndi amasiye a asodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Abale anga, swaumu ndi sukulu ya kupirira. Kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa mimba imalamula kuti idya, inu n'kuikaniza chifukwa cha Allah. Amene waphunzira kusamvera njala masiku 29 kapena 30 angathenso, Insha Allah, kusamvera mantha pamene akumuuza kuti asiye mwana wa mnzake m'madzi.

Mukatha Swala ya Taraweh usiku uno, khalani pamphasa ndi banja lanu mufunsane: ngozi itabwera usiku, tidzathawira kuti, ndipo adzanyamule agogo ndani?

Allah awakhululukire amene anatisiya pa ngozi zimenezi, alimbitse mitima ya otsala, ndipo alandire swaumu yathu. Amin.