Phunziro 18: Kandalama ka Ambuya

Werengani nkhani iyi.

Kwa Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, kuli mtsikana wina wa Giredi 3 wokonda kufunsa mafunso. Tsiku lina madzulo, iye ndi mlongo wake anali kusenda nshawa pakhonde pamodzi ndi ambuya ao. Mtsikanayo anaona kandalama kofiirira kali pacingwe m'khosi mwa ambuya. Kanali koboola pakati.

"Ambuya, ndani anaboola ndalama yanu?" anafunsa.

Ambuya anaseka. "Palibe anaiboola, mdzukulu wanga. Anaipanga tero. Iyi ndi peni. Taona, pali njovu ziwiri. Werenga caka cake."

"1957!" anatero mnyamata uja. "Kodi ingagule switi?"

"Iyai, inatha nchito kalekale. Kwacha ndi ngwee zinabwera mu 1968. Pamene ndinali mwana, dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia. Dzina lakuti Zambia linayamba pa 24 Okutobala 1964."

Ana aja anasiya kusenda nshawa, nasendera pafupi.

"Masiku amenewo mwamuna aliyense wamkulu anali kulipira msonkho kwa atsamunda," anapitiriza ambuya. "Kuno kumudzi ndalama zinali zosowa. Motero atate anga ananyamuka ndi anzao kukafuna nchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare, m'dziko la Zimbabwe. Ine ndinali ndikali kumsana. Za ulendowo anandiuza ndi amai."

"Anakwera basi?"

"Basi yakuti? Anayenda pansi! Anatenga ufa, kamphika ndi nkhwangwa. Anatsata mtsinje wa Luangwa mpaka ku Feira, kumene tsopano ndi boma la Luangwa. Kumeneko anaoloka Zambezi pabwato. Usiku anali kusonkha moto waukulu kuopa mikango. Ena mwa anthu opita kumeneko sanabwerenso. Amenewo tinali kuwacha macona. Amai anali kungoyang'ana kunjira, dzinja ndi malimwe."

"Nanga atate anu anabwera?" mtsikana anafunsa motsitsa mau.

"Anabwera patapita zaka zisanu. Tsikulo ndinali kusewera pabwalo. Ndinangoona munthu wacilendo wovala cipewa, akukankha njinga. Ndinali ndisanaonepo njinga pafupi. Belu litalira kuti ngrii, ine liwiro! Ndinakabisala kunsi kwa nkhokwe."

Ana aja anafa nako kuseka.

"Sekani, koma atate sanaseke ai. Mwana wao anawathawa. Amai anaitana, ine osatuluka. Pamenepo atate anagwada pafumbi, natambasula dzanja. M'dzanjamo munali peni iyi. Anati, 'Bwera, mama, ndine atate ako.' Ndinatuluka pang'onopang'ono ngati kamba. Kuyambira tsikulo sindinaigulire kanthu."

Ambuya anakhala cete kwa kanthawi. Kenaka anati, "M'nyumba mwathu tinabadwa anai. Onse anapita, ndatsala ndekha. Cithunzi ca atate tilibe. Ine ndikadzapita, adzakuuzani ndani?"

Mtsikana uja anathamangira m'nyumba. Anabwera ndi kope ndi pensulo.

"Ambuya, yambiraninso. Koma muzilankhula pang'onopang'ono, cifukwa sindilemba msanga."

Mau atsopano

msonkho: ndalama zimene anthu amalipira ku boma
atsamunda: azungu amene anali kulamulira dziko lathu tisanalandire ufulu
macona: anthu amene anapita kutali kukagwira nchito osabwereranso kwao

Yankhani mafunso awa

1. Ndi nyama yanji imene ili pa peni ya ambuya?
2. N'cifukwa ciani atate ao a ambuya anapita ku Salisbury?
3. Anaoloka bwanji mtsinje wa Zambezi?
4. Muganiza kuti atate aja anamva bwanji pamene mwana wao anawathawa?
5. Mtsikana uja anatengeranji kope?

Zocita kunyumba

Pitani kwa ambuya, amalume kapena munthu wina wacikulire wa m'banja mwanu. Khalani pansi mwaulemu, ndipo muwafunse kumene anabadwira, maina a makolo ao ndi cinthu cimodzi cimene cinawacitikira ali ana. Musawadule mau. Lembani ziganizo zisanu m'kope mwanu. Mawa mudzawerengere anzanu m'kalasi.