TIMAWU TOTSATA ANENI M'CHINGEREZI

M'phunziro lino ndifuna tikambirane za timawu ting'onoting'ono ta m'Chingerezi monga "for", "to", "in", "of", "up" ndi "after". Timawuti timaoneka topepuka, koma ndi timene timagwetsa ophunzira ambiri pa mayeso. Tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro ena, ndipo ku seminale yaikulu maphunziro onse amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Choncho nkhaniyi ikukhudza aliyense wa ife.

Mfundo yanga ndi imodzi: mneni wa m'Chingerezi tizimuphunzira pamodzi ndi kamawu komutsatira, ngati liwu limodzi.

Tiyambire kwathu

M'Chichewa tikafuna kusintha tanthauzo la mneni timagwiritsa ntchito msintho. "Kupemphera" kumakhala "kupempherera", "kufa" kumakhala "kufera". Chingerezi chilibe msintho womchitira wotere. Ntchitoyo imagwiridwa ndi mperekezi amene amabwera pambuyo pa mneni. Ndiye kuti "kupempherera" ndi "pray for", pamene "kupemphera kwa" ndi "pray to". Timati "We pray to God" koma "We pray for the sick". Mnzathu wokonza mapemphero a pa Misa ya Chingerezi akalemba "pray to the sick", wasandutsa odwala kukhala milungu!

Chimodzimodzinso ndi "die". Tikati "He died of malaria" tikunena chimene chinamupha, koma tikati "died for" tikunena chimene anafera. Charles Lwanga ndi anzake, amene anatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda mu 1886, timawanenera kuti "They died for their faith". Tikaikapo "of" tanena kuti chikhulupiriro chawo chinali matenda.

Taonaninso "believe". "I believe you" ndiye kuti ndikuvomera kuti zimene wanenazo n'zoona. Koma "believe in" ndi kuika moyo wako wonse mwa wina. Augustine Woyera wa ku Hippo, amene anamwalira m'chaka cha 430, anaphunzitsa za kusiyana komweku m'Chilatini: kuvomera mawu a Mulungu n'kwina, kukhulupirira mwa Mulungu n'kwinanso. Kusiyana konseko kwagona pa kamawu ka zilembo ziwiri.

Msampha woyamba: liwu lathu loti "ndi"

Liwu loti "ndi" limagwira ntchito zambiri m'Chichewa, ndipo ife timafulumira kulimasulira kuti "with" paliponse. Koma taonani: kugwirizana ndi munthu ndi "agree with", kusiyana ndi chinthu ndi "differ from", kuvutika ndi chifuwa ndi "suffer from a cough", ndipo kukwatiwa ndi munthu ndi "get married to". Pa zitsanzo zinayizi, chimodzi chokha ndicho chatenga "with". Amene amayamba waganiza m'Chichewa kenaka n'kumasulira liwu lililonse palokha sangalephere kukodwa.

Msampha wachiwiri: kuika mperekezi posafunika

Popeza timati "kukambirana za", ambiri amalemba "discuss about". Izi n'zolakwika. Mneni "discuss" safuna mperekezi: "We discussed the matter". Aneni enanso otere ndi "emphasise", "reach" ndi "request". Timati "We reached Zomba" osati "reached at Zomba". Timati "I request permission", ngakhale kuti "request" akakhala dzina amatenga "for", monga mu "a request for permission". Kumbali inayi kuli aneni amene sayenda okha akakhala ndi pamtherankhani: "listen to the teacher", "wait for the bell", "depend on God".

Pamene tanthauzo lisinthiratu

Nthawi zina mneni ndi kamawu kake amapanga tanthauzo latsopano limene simungalipeze poyang'ana liwu lililonse palokha. Tengani "look". "Look at" ndi kuyang'ana, "look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamalira, "look into" ndi kufufuza, "look down on" ndi kunyoza, ndipo "look up to" ndi kulemekeza munthu ngati chitsanzo chako. Mbusa wosamalira nkhosa ndi mbusa wofunafuna nkhosa zotayika amasiyana ndi "after" ndi "for" basi.

Aneni oterewa amatchedwa "phrasal verbs", dzina limene linafala kuchokera m'buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925. Vuto lake si la lero. Samuel Johnson, potulutsa dikishonale yake mu 1755, anaona kale kuti aneniwa amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Tsono tisachite manyazi pofunsa.

Lamulo lothandiza ndi ili. Kamawu kakakhala muonjezi, pamtherankhani angakhale pakati kapena kumapeto: "put off the meeting" kapena "put the meeting off". Koma mlowam'malo amakhala pakati nthawi zonse: "put it off", osati "put off it". Kamawu kakakhala mperekezi weniweni sikalekana ndi mneni: "look after him", osati "look him after". Dziwaninso kuti "put off" ndi kusintha tsiku kuti chinthu chidzachitike m'tsogolo. Pozimitsa magetsi m'chipinda chogona timati "switch off" kapena "turn off", pozimitsa kandulo timati "put out".

Lamulo lina: mneni wobwera pambuyo pa mperekezi amathera ndi "-ing". N'chifukwa chake potseka kalata timalemba "I look forward to hearing from you", osati "to hear".

Mwayi wa ophunzira Chilatini

Chilatini chimachita zomwezi, koma chimaika kamawuko kutsogolo n'kukamata ku mneni. "Postpone" anachokera ku "post", pambuyo, ndi "ponere", kuika. "Exit" anachokera ku "ex", kunja, ndi "ire", kupita, ndiye "go out" yemwe uja. Mawu ambiri ochokera ku Chilatini analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066. Motero Chingerezi chimakhala ndi njira ziwiri zonenera chinthu chimodzi: "put up with" ndi "tolerate", "find out" ndi "discover", "go on" ndi "continue". Pocheza ku bwalo la mpira njira yoyamba ndiyo imamveka bwino. Polembera kalata Ambuye Episikopi kapena abambo oyang'anira seminale, yachiwiri ndiyo imaonetsa ulemu.

Tichite chiyani?

Ine ndikulangiza zinthu zitatu. Choyamba, khalani ndi kope lapadera. Mukapeza mneni watsopano musalembe "accuse" yekha, lembani chiganizo chathunthu: "They accused him of theft". Chachiwiri, potsegula dikishonale musalekere pa tanthauzo loyamba, werenganinso zitsanzo zili m'munsi mwake. Chachitatu, werengani mokweza, pakuti khutu likazolowera limakana lokha chiganizo chopotoka. Aneni atatu pa tsiku ndi okwanira, poti pang'onopang'ono ndi mtolo. Makolo, mwana akakupemphani dikishonale musaone ngati n'kuwononga ndalama, ndi khasu lake la kusukulu.

Yesani izi

Ikani kamawu koyenera, kapena musaike kanthu ngati sikakufunika:

1. I congratulate you ___ your ordination.
2. The catechist looks ___ the outstation when the priest is away.
3. Let us discuss ___ the timetable.
4. He borrowed a breviary ___ the deacon.
5. We apologised ___ the rector ___ coming late.

Mayankho: 1. on, 2. after, 3. palibe, 4. from, 5. to, for.

Amene wakhoza zonse zisanu athandize mnzake amene wakhoza ziwiri, ndipo sabata yamawa mufunsane mafunso ena asanu opeka nokha.