Kapaipi Kamene Kamaimitsa Ndege

Sabata yatha ine ndi ophunzira anga a Fomu 3 tinalumikiza majekeseni awiri ndi kapaipi kodzaza madzi. Titakankha mbali imodzi, mbali inayo inasuntha. Kenako ndinaboola kapaipiko ndi singano, basi zonse zinathera pomwepo. Lero tione malo amene kabowo kotere kangachititse ngozi.

Ku America kuli anthu amene amapanga okha ndege zazing'ono m'magalaja kunyumba kwawo. Imodzi yotchuka ndi Long-EZ, imene pulani yake anajambula ndi Burt Rutan, ndipo inauluka koyamba mu 1979. Thupi lake ndi la foam yokutidwa ndi fibreglass, nsalu ya ulusi wa galasi yomatidwa ndi guluu wa epoxy. Tayala lake lakutsogolo lilibe chiwongolero, limangotsatira. Ndegeyi ikamayenda pang'onopang'ono pansi, woyendetsa amakhota poponda buleki ya kumanzere kapena ya kumanja. Choncho paipi ya buleki imodzi ikadontha, kuima kumavuta, kukhota nakonso kumavuta.

Mukukumbukira lamulo la Blaise Pascal? Pressure imafalikira mofanana paliponse m'madzi otsekeredwa. Tiyerekeze kuti phazi lakankha pisitoni ya 2 cm² ndi mphamvu ya 200 N. Pressure ndi 100 N/cm². Ikafika pa pisitoni ya 10 cm² ya kutayala, mphamvu imakhala 1,000 N. Koma gwirani mawu akuti "otsekeredwa". Mafuta a mabuleki akapeza potulukira, masamu onsewa alibenso ntchito.

Paipi imeneyi ili ndi adani atatu. Woyamba ndi kunjenjemera kwa injini. Mukapinda waya uku ndi uku kambirimbiri amaduka, si choncho? Paipi ya aluminiyamu yolendewera imathanso kung'aluka chimodzimodzi, makamaka polumikizira. Wachiwiri ndi kukhuzana: m'mphepete mwa fibreglass ndi mokhakhala, mumadya paipi pang'onopang'ono. Wachitatu ndi kutentha. Buleki imasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha, ndipo paipi ya nayiloni ikayandikira kwambiri imafewa n'kuphulika.

Ndiye amamanga bwanji? Amagwiritsa ntchito tizitsulo tomangira tokhala ndi labala mkati, n'kutiika motalikirana pang'onopang'ono kuti paipi isamagwedezeke. Kuboolaboola thupi la ndege kumalifooketsa, ndipo foam sigwira bawuti, choncho ambiri amamata timapazi tomangirapo ndi epoxy. Pamene paipi ikudutsa pabowo amaikapo mphete ya labala, pafupi ndi buleki amaitchinga ku kutentha, ndipo pamene mwendo wa tayala umapindika amasiya paipi yofewa yokhala ndi mpata. Ngati thupi ndi la carbon fibre, salola aluminiyamu kuligunda, chifukwa pakalowa chinyezi aluminiyamuyo amadyeka.

Funso lanu nali: ngati mpweya utalowa m'paipi yopanda bowo, n'chifukwa chiyani buleki imamveka yofewa poiponda? Yesani ndi majekeseni, kenako mundiuze zimene mwapeza.