Kuyeza mphamvu yotuluka m'masikirini a kompyuta m'maofesi

M'maofesi ndi m'masukulu ena mukadali makompyuta akale aja okhala ndi chimsana chachikulu kumbuyo, otchedwa CRT. Alembi omwe amakhala tsiku lonse atayang'anizana nawo nthawi zina amadandaula kuti mwina mphamvu yotuluka m'sikirini ndiyo imawadwalitsa. Nkhawa yotere imathetsedwa ndi kuyeza.

Sikirini ikayaka imatulutsa mphamvu ziwiri zosaoneka: ya magetsi ndi ya maginito. Dziko la Sweden ndilo lidayamba kuika malire ake. M'chaka cha 1990 lidakhazikitsa muyeso wotchedwa MPR II, womwe umati pa mtunda wa masentimita 50 kuchokera pa sikirini, mphamvu ya maginito isapitirire 0.25 microtesla, ndipo ya magetsi isapitirire 25 volt pa mita. Poyerekeza, bungwe la ICNIRP mu 2010 lidaika malire a 200 microtesla kwa anthu wamba pa magetsi a 50 hertz, mtundu womwe ESCOM imagawa. Malire a Sweden ndi otsika kuposa amenewa maulendo 800.

Woyeza waluso amayamba atazimitsa kompyuta, kuti adziwe mphamvu yomwe ili kale m'chipindamo kuchokera ku mawaya a m'khoma kapena thiransifoma yapafupi. Kenaka amaiyatsa ndi kuyeza kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa: pa CRT, mphamvu ya maginito nthawi zambiri imakula kumbuyo ndi m'mbali kuposa kutsogolo. Choncho yemwe amalandira yochuluka si mwini kompyutayo ayi, koma mnzake amene desiki lake lagundana ndi chimsana chija. Mwayi wake ngwakuti mphamvuyi imachepa msanga munthu akatalikira, moti kusuntha desiki mkono umodzi kumasintha manambala kwambiri.

Chinanso chomwe chimakweza mphamvu ya magetsi ndi pulagi kapena soketi yopanda waya wa earth, chinthu chofala m'nyumba zomwe magetsi adalumikizidwa mwachinyengo. Ichi n'choopsa ngakhale pa chifukwa china, pakuti munthu akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Masikirini amakono opyapyala amatulutsa mphamvu yochepa kwambiri. Mlembi wopweteka mutu ndi maso ayenera kuyamba kuona kuwala kwa dzuwa komwe kukugunda pa sikirini, kutalika kwa mpando wake, ndi maola omwe amakhala osapumula.