Digiri Yachiwiri ya Biomedical Engineering: Tipite Titanyamula Funso la Kwathu

Munthu akatchula Mikolongwe, ambiri a ife timaganiza za nkhuku. Nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene boma lakhala likuswetsa pamalo ake a ziweto ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu n'kumagulitsa kwa alimi, zinafika potenga dzina la malowo, moti kumudzi timangoti "nkhuku za Mikolongwe". Pamalo oswetsera otere safungatira ndi thadzi. Mazira amaikidwa m'makina amene amasunga kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5 ndi chinyezi choyenera, n'kumawatembenuza mpaka masiku 21 atakwana. Kutentha kukatsika kwa nthawi yaitali, anapiye amafera m'dzira.

Makina a mtundu womwewu ndi amene anabala chimodzi mwa zipangizo zofunika kwambiri m'chipatala. Cha m'ma 1880, Stéphane Tarnier, dokotala wa amayi oyembekezera mumzinda wa Paris, anaona makina ofungatira mazira kumalo osungira nyama. Iye anapempha amene ankapanga makinawo kuti amupangire bokosi lofanana nalo loti azigonekamo ana obadwa masiku asanakwane. Pachipatala chake, imfa za ana olemera osakwana makilogalamu awiri zinatsika kuchoka pa 66 kufika pa 38 mwa ana 100 alionse.

Nkhaniyi ikutionetsa kumene ntchito ya biomedical engineering imayambira. Tarnier anali ndi vuto lomusowetsa tulo, ndipo n'chifukwa chake anazindikira yankho ataliona. M'phunziro lino tikambirana za digiri yachiwiri pa maphunziro amenewa, ndipo mfundo yathu ndi imodzi: wofuna kupita ku masitazi apite ali ndi funso lochokera m'zipatala zathu.

KODI NTCHITO IMENEYI NDI YOTANI?

Tiyambe tasiyanitsa mayina awiri amene amasokoneza ophunzira ambiri. Biomedical sciences ndi maphunziro a mu labotale: kuyeza magazi, kufufuza tizilombo ndi kuzindikira matenda. Biomedical engineering ndi uinjiniya. Wophunzira wake amalimbana ndi masamu, fizikisi, zamagetsi ndi makompyuta, kenako amagwiritsa ntchito nzeruzo popanga, poyesa ndi posamalira zipangizo zothandizira thupi la munthu. Wa mu labotale amagwiritsa ntchito makina oyezera magazi, pamene injiniya amafunsa mmene makinawo amayezera, chifukwa chake nthawi zina amalakwitsa, ndi mmene angawapangire kuti apirire fumbi ndi kutentha.

Kuno kwathu digiri yoyamba ya maphunzirowa imapezeka ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndiponso ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo. Ku Unduna wa Zaumoyo, nthambi ya Physical Assets Management, imene ogwira ntchito m'zipatala amangoti PAM, ndiyo imayang'anira ndi kukonza zipangizo.

Ntchito ndi yambiri. Mu 2011, Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anafalitsa kafukufuku wa zipangizo zoposa 112,000 m'mayiko 16 osauka, ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 mwa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zazikulu zinali kusowa kwa anthu ophunzitsidwa, kusowa kwa dongosolo losamalira zipangizo, ndi mavuto monga a magetsi ndi madzi. Aliyense amene anachitapo maphunziro oyeserera m'chipatala anaonapo kachipinda kodzaza makina akufa, ena mwa iwo mphatso zochokera kunja zimene zinabwera popanda buku la malangizo kapena masipeya.

ZITSANZO ZIWIRI ZA PAFUPI

Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, ndipo chiwerengerochi chinali chachikulu kuposa cha dziko lina lililonse. Ambiri mwa ana otere amavutika kupuma chifukwa mapapo awo amakhala asanakhwime. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo timafwafwanizika mwana akatulutsa mpweya, ndiye amatopa polimbana kuti atitsegulenso. Chithandizo chake ndi makina a CPAP, amene amakankhira mpweya m'mphuno mwa mwana mosalekeza kuti timatumbato tisatsekeke. Koma makina ogulitsidwa kumayiko olemera ankagula madola masauzande angapo.

Madokotala ndi anamwino a pa Queen Elizabeth Central Hospital anagwirizana ndi ophunzira a ku Rice University ku America, motsogoleredwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, kupanga makina otsika mtengo. Oyambirira anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mabokosi oweteramo nsomba, pamodzi ndi botolo la madzi. Paipi yotulutsa mpweya imamizidwa m'madzimo, ndipo kuya kwa madzi ndiko kumaika mphamvu ya mpweya imene mwana akulandira. Makinawa anawatcha dzina lathulathu: Pumani. Kafukufuku wa pa Queens amene anafalitsidwa mu 2014, motsogoleredwa ndi Dr. Kondwani Kawaza, anaonetsa kuti ana 71 mwa 100 amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene analandira okosijeni yekha. Ntchitoyi ndi imene inatsegula njira ya NEST360, mgwirizano umene unayamba mu 2019 wopereka zipangizo zosamalira makanda ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria.

Chitsanzo chachiwiri chili m'boma la Chiradzulu momwemo. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001. Munthu akamamwa mankhwalawa, pamafunika kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi kuti aone ngati mankhwala akugwirabe ntchito. Kale magazi ankatumizidwa ku labotale yaikulu, ndipo zotsatira zinkachedwa. Kuyambira mu 2013, m'zipatala zina za m'bomali munaikidwa makina a SAMBA, amene anapangidwa ndi gulu la Dr. Helen Lee wa ku Cambridge. Makinawa amasonyeza ngati kachilombo kapitirira 1,000 mu mililita imodzi ya magazi, ndipo wodwala amatha kumva zotsatira tsiku lomwelo.

Taonani kuti makina onse awiriwa anapangidwa ndi anthu amene anayamba amvetsa malo ogwirirapo ntchito. Taonaninso kuti mbali yaikulu ya uinjiniya wake inachitikira kunja. Funso lathu ndi lakuti: makina otsatirawo adzapangidwa ndi yani?

KODI DIGIRI YACHIWIRI IMAWONJEZERA CHIYANI?

Titenge makina a oxygen concentrator, amene amapezeka m'zipatala zambiri za boma. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni wokwana 21 mwa magawo 100, ndipo wotsalawo wambiri ndi nayitrojeni. Makinawa amakoka mpweya n'kuupanikiza m'mabotolo awiri odzaza timiyala totchedwa zeolite, timene timagwira nayitrojeni n'kulola okosijeni kudutsa. Makina abwino amatulutsa okosijeni woposa 90 mwa magawo 100. Koma fumbi likatseka zosefera, kapena chinyezi chikalowa m'timiyala tija, makina amalirabe ndipo mpweya umatulukabe, chonsecho okosijeni wachepa. Namwino wopanda chipangizo choyezera sangadziwe kuti mwana amene wamuika pa makinawo akungopuma mpweya wamba.

Tekinishani waluso amatsuka zosefera ndi kusintha mabotolo. Imeneyi ndi ntchito yopulumutsa miyoyo ndipo tisaipeputse. Injiniya wa digiri yoyamba amakonza ndondomeko yosamalira makina a chipatala chonse, ndiponso amalangiza akuluakulu zoyenera kugula. Wa masitazi amaphunzira kufunsa funso limene palibe analiyankha: kodi timiyala tija timatha msanga bwanji nyengo ya dzinja poyerekeza ndi chilimwe? Kodi tingaumitse timiyala tonyowa n'kutigwiritsanso ntchito? Kodi magetsi okwera ndi kutsika amafupikitsa moyo wa pampu ndi miyezi ingati? Amaphunzira kuyeza, kuwerengera, kulemba zimene wapeza kuti anzake aziunike, ndi kutsimikizira kuti chipangizo chatsopano sichivulaza wodwala. Amaphunziranso malamulo, chifukwa palibe amaloledwa kuyesa chipangizo pa munthu popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC.

Choncho masitazi si malo obisalako pamene ntchito ikusowa. Amene amapita chifukwa choti alibe chochita amangolandira mutu uliwonse umene mphunzitsi wamupatsa, ndipo nthawi zambiri umakhala mutu wa zipatala za dziko limenelo.

KUKONZEKERA

Choyamba, tigwireko ntchito m'chipatala, ngakhale yongodzipereka. Chaka chimodzi kapena ziwiri mu wekishopu zimaphunzitsa zimene kalasi singaphunzitse. Tikhale ndi kope lolembamo makina alionse amene tatsegula: dzina lake, chimene chinawonongeka, masiku amene anakhala osagwira ntchito, ndi chimene chinasowa. Funso la kafukufuku limatuluka m'kope lotere.

Chachiwiri, tizimvera anamwino ndi osamalira odwala. Iwo ndi amene amadziwa batani limene limavuta usiku magetsi akazima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachitatu, tisanyoze luso la manja. Ku Mikolongwe komweko kuli sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP ndiponso koleji ya zachipatala cha ziweto. Wopanga makina amafunika wowotcherera ndi wamagetsi, ndipo mavuto osunga katemera pamalo ozizira kapena oyeza magazi kumudzi ndi amodzi kwa anthu ndi ziweto. Injiniya amene satha kuwotcherera waya ndi manja ake amavutika kupanga chinthu choti ena adzathe kuchikonza.

Chachinayi, tilimbikire masamu ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Magiredi a m'chaka chachitatu ndi chachinayi amawerengedwa kwambiri, ndipo aphunzitsi amene adzatilembere makalata otichitira umboni ayenera kutidziwa ndi ntchito zathu, osati nkhope yokha.

KOPITA NDI KOPEZA THANDIZO

Sikuti aliyense awoloke nyanja. University of Cape Town ili ndi masitazi ya biomedical engineering, ndipo mainjiniya amene sanaphunzirepo za thupi la munthu amayamba ndi maphunziro a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi. Allan Cormack, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 chifukwa cha masamu a makina a CT scan, anayamba kuganizira nkhaniyi akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur mumzinda womwewo. Yunivesite yomweyo ili ndi masitazi ya Health Innovation, imene imalandira anthu ochokera ku maphunziro osiyanasiyana. Imeneyi ndi njira imene anamwino ndi a mu labotale angaiganizire. Stellenbosch University nayo imaphunzitsa biomedical engineering. Wopita ku South Africa angafunsidwe kutumiza mapepala ake ku SAQA kuti awaunike, ndipo zimenezi zimatenga nthawi.

Pa nkhani ya fizi, Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Chevening imalipirira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo imafunanso kuti abwerere kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Palinso Commonwealth Scholarships, Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany ndi Mandela Rhodes ya ku South Africa. Ambiri mwa mabungwe amenewa amatseka kalembera pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe, choncho tiyambe msanga. Mayeso a Chingelezi monga IELTS kawirikawiri amalembedwa Loweruka, ndiye ife osunga Sabata tifunse za masiku ena tisanalipire.

Tisanavomere malo, tiwerenge zimene mphunzitsi wotiyang'anira analemba, ndipo timulembere kalata yaifupi yofotokoza vuto limene taliona ndi manambala a m'kope lathu lija. Timufunse ngati angalole kuti mbali ina ya kafukufuku ichitikire ku Malawi.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tisabise zovuta. Malo a ntchito a munthu wa masitazi pa maphunzirowa ndi ochepa kuno: kuphunzitsa ku yunivesite, mapulojekiti a kafukufuku, Unduna wa Zaumoyo, zipatala za mishoni ndi makampani ogulitsa zipangizo. Malipiro a kunja amakopa, ndipo abale amene anagulitsa mbuzi kuti tiphunzire amayembekezera thandizo. Wina angabwere ndi luso lofuna labotale imene kuno kulibe, n'kukhumudwa. Sitikuweruza amene amatsalira kunja, chifukwa ena a iwo amathandiza dziko ali komweko. Koma amene anapita ndi funso la kwawo amakhala ndi chomubweza, ndipo akafika amapeza anthu amene akudikira yankho lake.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Fotokozani kusiyana kwa ntchito ya tekinishani, ya injiniya wa digiri yoyamba ndi ya wa masitazi, pogwiritsa ntchito chipangizo chimodzi chimene mukuchidziwa.

2. N'chifukwa chiyani makina a okosijeni amene akulira bwinobwino angakhale oopsa kuposa amene azimiratu?

3. Kodi chipatala chili ndi ufulu wokana mphatso ya makina? Chiyenera kufunsa mafunso ati chisanalandire?

4. Ngati bungwe lakulipirirani maphunziro popanda kukuuzani kuti mubwerere, kodi muli ndi ngongole kwa yani?

ZOCHITA MWEZI UNO

M'magulu a anthu atatu, pemphani chilolezo kwa mkulu wa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo mucheze ndi amene amakonza makina. Lembani zipangizo zisanu zimene sizikugwira ntchito, chifukwa chake, ndi nthawi imene zakhala chomwecho. Pa chipangizo chimodzi, lembani funso limodzi limene munthu angathe kulifufuza m'zaka ziwiri, ndipo mubwere nalo ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu.