Mafunso 20 Oyeza Mtendere wa Mumtima

Ku sikelo, mwana amamupachika pa sikelo ndipo kulemera kwake kumalembedwa m'buku. Nanga mtima wa mayi wake amaupima ndi chiyani? Nkhawa siioneka ndi maso. Mayi amene bambo a kunyumba kwake anapita ku Joni ndipo sakutumiza kanthu, mukamufunsa amangoti, "Ndili bwino."

N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakonza mafunso 20 otchedwa SRQ-20. Buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake linatuluka mu 1994. Mafunsowa ndi omwewo m'mayiko onse, kuti mayankho a munthu wa ku Makanjira athe kuyerekezedwa ndi a munthu wa ku India kapena Ethiopia.

Wofunsa amafunsa za masiku 30 apitawa. Kodi mutu umakupwetekani kawirikawiri? Kodi mumasowa tulo? Kodi chakudya sichikukomerani? Kodi mumalira kuposa kale? Yankho ndi "inde" kapena "ayi" basi, choncho ngakhale wosadziwa kuwerenga angathe kuyankha. Pomaliza amawerenga ma "inde" onse. Akachuluka, ndiye kuti munthuyo afunika kuonana ndi wachipatala.

Mafunso ambiri ndi okhudza thupi, ndipo pamenepa amene anawakonza anaganiza bwino. Kuno kwathu n'kovuta kuuza mlendo kuti, "Ndine wokhumudwa." Koma za mutu, m'mimba ndi kufooka timanena mosavuta.

Mafunsowa anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao. Akatswiri anawayesa pa amayi oyembekezera obwera ku sikelo pa chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'zaka za 2013 ndi 2014. Ena mwa amayiwo anachezanso ndi katswiri wa matenda a maganizo, kuti aone ngati mafunsowo akunena zoona. Chiwerengero cha ma "inde" oyenera kudetsa nkhawa chimasiyana dziko ndi dziko, ndipo akatswiri amachipeza ndi masamu awo.

Tsono chenjezo ndi ili: mukafunsidwa mafunso otere, musabise. Ena amayankha "ayi" ponseponse chifukwa cha manyazi, kapena poopa kuti apongozi amva. Ena amayankha "inde" ponseponse poganiza kuti alembedwa pa mndandanda wolandira ufa kapena ndalama. Zonse ziwiri n'kudzinamiza. Mafunsowa sagawitsa katundu. Ngati pali anthu pafupi, pemphani kuti mukayankhire poduka mphepo. Dziwaninso kuti malungo ndi kuchepa kwa magazi zimabweretsanso mutu ndi kufooka, choncho ma "inde" ochuluka satanthauza misala. Wachipatala ndiye amene amasiyanitsa.

Funso limodzi ndi lolemera kuposa onse: kodi munaganizapo zodzipha? Ngati yankho lanu ndi "inde", musadikire kuti wina abwere ndi pepala. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, namwino, kapena m'bale amene mumamukhulupirira, ndipo pitani kuchipatala lero lomwe.